Tsiku Limene Ndinati Nyanja Yaphwa

Ku Cateme kuno mukafunsa za Zakariya, anthu akufunsani kuti Zakariya wake uti. Koma mukangoti a Nyambane, aliyense akulozerani nyumba yanga, ya pafupi ndi mjigo. Dzinali ndinalipeza ndi pakamwa. Kwa zaka zoposa khumi ndinkasimbira anthu za tauni ya Inhambane, kum'mwera kwa dziko lathu, m'mphepete mwa nyanja yamchere. Ndinkasimba za tchalitchi chake chakale, za mzikiti, za mabwato a thanga, ndipo ndinkasimba mokoma moti amayi ena ankaiwala kuti asiya ndiwo pamoto. Chovuta chinali chimodzi chokha: ku Inhambaneko ndinali ndisanapondeko phazi.

Bodzali linabadwa chonchi. Ine kwathu ndi ku Zóbuè, koma ndinakwatira ku Mithete, kumene ndinali mkamwini woumba njerwa pa dothi la apongozi anga. Malasha atayamba kuitana anthu a mitundu yonse ku Moatize, kunabwera bambo wina wa tayi ndi chikwama chakuda, akulemba anthu oti akaphunzire ntchito ya m'mahotela kum'mwera, kuti pobwera azidzaphikira mabwana a mgodi. Ndinali woyamba kulembetsa. Ndinatsanzika khomo ndi khomo, ndipo mkazi wanga Nambewe anandiphera tambala wake yekhayo. Bambo uja anatifikitsa pa Inchope, pamphambano ya msewu wa ku Beira ndi wa ku Maputo, n'kutitsitsa kuti tidikire pang'ono akathire mafuta. Mpaka lero akuthirabe.

Anzanga anabwerera kwawo. Ine nditaganizira tambala uja ndi makomo onse amene ndinatsanzika, miyendo inakana. Ndinapeza ganyu yotsuka mbale ndi mapoto pa kanyumba kodyera ka mayi wina dzina lake Dona Marita, ndipo ndinakhala pamenepo miyezi inayi. Tsiku lina ndikusesa ndinatola pepala lopinda patatu limene azungu ena apaulendo anagwetsa. Linali la zithunzi, lolembedwa m'Chipwitikizi, lokopa alendo kuti akaone Inhambane. Ndinaliwerenga tsiku ndi tsiku mpaka linakhazikika m'mutu ngati pemphero la m'mawa. Pobwerera ku Mithete ndinagula koko awiri, makokonati aja a kunyanja, kwa woyendetsa kamiyau wina, lole ya katundu, ndipo anthu atandifunsa kumene ndinali, pakamwa panayankha pokha.

Mwina bodzalo likanafa lokha, koma chaka chotsatira anatisamutsa. Mudzi wathu unali pamwamba pa malasha, choncho anatikweza pa makamiyau ndi mbuzi zathu n'kutitula kuno ku Cateme, m'nyumba zofanana zonse, pa dothi la miyala losaumbika njerwa. Nambewe anasiya mitengo ya mango ya amayi ake, ndipo anasiyanso kulankhula. Ankangokhala pakhonde tsiku lonse, manja ali pamiyendo. Tsiku lina dzuwa likulowa, posowa chomuuza, ndinayamba za Inhambane. Anatembenuka. Anafunsa ngati wotchi ya pa tchalitchipo imalira, ine ndinati imalira mpaka kumveka kutsidya. Mawa lake anafunsanso zina. Oyandikana nafe anayamba kubwera ndi timipando tawo, ndipo bodza likapeza omvera limanenepa. Pofika chaka chachitatu ndinali nditasambirapo ndi nsomba yaikulu ngati shapa, minibasi ya kwathu kuno.

Kenaka maso a Nambewe anayamba kuvuta. Dotolo wa ku Tete ananena kuti si ng'ala yoti n'kuchotsa, ndi mitsempha ya m'maso imene ikufa pang'onopang'ono, ndipo mankhwala odontheza angochedwetsa chabe. Mwini wake ankati akuona ngati munthu wosuzumira m'bango, kutsogolo kachidutswa, m'mbali mdima. Mwana wathu Selestina, amene amayendetsa chigalimoto cha malasha ku mgodi, anabwera Lamlungu lina n'kufunsa amayi ake chimene angafune.

"Ndikufuna ndikaone nyanja ya abambo akowa maso asanatseke," anatero Nambewe.

Ndinali ndikumwa madzi, ndinatsamwa. Ndinati msewu ndi woipa. Ndinati msana wanga sungapirire masiku awiri pampando. Ndinafunsa kuti mbuzi zitsala ndi yani. Selestina anamvetsera zonse mwaulemu, ndipo Lachitatu anatumiza mabiyeti, matikiti awiri a mashimbombo, basi yaikulu ya ku Maputo, makontu atatu, ndiye kuti zikwi zitatu, lililonse, otsikira pa Maxixe. Ndinadziwa kuti ndikupita kukavulidwa pamaso pa mkazi wanga, munthu amene ankandimvera osaseka ngakhale pa nsomba ija, ndipo ndinachita mantha enieni.

Tinanyamuka Lachisanu, chilimwe chili pachimake. Shapa ya ku Moatize inadzaza mpaka pakhomo, ine nditakhala theka pampando, theka pa thumba la makala la munthu wina. Panjira tinaima kudikira sitima ya malasha kuti idutse. Ndinawerenga mabogi ake ndikupemphera kuti asathe, koma anatha. Tinagona kwa Selestina, ndipo m'bandakucha anatiwolotsa mlatho wa Zambezi n'kutikweza mashimbombo ku Tete. Anandipatsa kabotolo ka mankhwala a maso, n'kundibwerezera katatu nthawi yodonthezera.

Mpando wathu unali wa anthu atatu. Nambewe anakhala pazenera, ine pakati, ndipo kumapeto kunakhala mayi wina wathupi, amene analowa akukangana ndi kobradoro, kondakitala wake, za bokosi lake lozizira, lodzaza nyama ya mbuzi. Atakhazikika anati dzina lake ndi Dona Ameliya. Amabweretsa koko ndi nsomba zouma ku Tete, pobwerera n'kutenga nyama, ndipo Chinyungwe anachitolera mumsika.

"Mukupita kuti, mana?" Dona Ameliya anafunsa Nambewe modumpha ine.

"Ku Inhambane. Amuna angawa adakhalako, akukandionetsa."

"Ku Inhambane? Ine kwathu ndi ku Maxixe, kutsidya kwake chabe. Senyoro munkakhala mbali iti?"

Mipando yonse ya m'mashimbombo muja, Mulungu anasankha kundikhazika pafupi ndi munthu ameneyo.

"Pafupi ndi tchalitchi chakale," ndinatero.

"Ndiye munkagwira hotela iti?"

"Idatsekedwa."

"Iti imeneyo?"

"Idatsekedwa kalekale, dona. Mwini wake adamwalira."

Ndinapha munthu wosabadwa n'komwe tisanatuluke mu Tete. Dona Ameliya anandilankhula kena kake m'chilankhulo cha kwawo, ine ndinayasamula, ndinapinda manja n'kutseka maso. Kuyambira Changara mpaka kupitirira Guro ndinagona tulo tabodza, ndipo ndikuuzeni, tulo tabodza timatopetsa kuposa kulima. Khosi linauma, thukuta linkayenderera kumsana, ntchentche inatera pamphuno ine osaithamangitsa. Amayi awiri aja ankacheza pamwamba pa mimba yanga, za maso, za zidzukulu, za mtengo wa mbuzi. Pa Catandica mashimbombo ataima kuti anthu akadzithandize, ndinali woyamba kufika pakhomo, moti Dona Ameliya anati sanaonepo munthu wa tulo tomvera chonchi.

Tinadutsa Chimoio dzuwa litapendeka. Zikwangwani zinayamba kutchula Inchope. Ndinadzitonthoza kuti pamphambano paja pali malo odyera ambirimbiri, zaka zapita, mwinanso Dona Marita anasamuka. Motorisita, dalaivala wathu, anapatuka, anadutsa malo oyamba, anadutsa achiwiri, n'kukaima ndendende pamene ndinkatayira madzi otsukira mbale. Kanyumba kaja kanali katakula n'kupakidwa utoto, koma mtengo wa kuseri umene ndinkakhala pansi pake ndi mapoto unali womwewo.

Kobradoro anati tili ndi theka la ola. Ine ndinati mutu ukundiwawa, ndinadzifunditsa kapulana, chitenje cha mkazi wanga.

"Bambo a Sele, ine ndili ndi njala," anatero Nambewe. "Ndiponso potsikira paja sindipaona."

Dona Ameliya anali atathamanga kale kukafuna madzi oundana a nyama yake, choncho panalibe wina woti amugwire dzanja. Ndinatsika, chipewa nditachikokera mpaka pamphuno. Tinakhala pakona, mpunga unabwera, ndipo ndinali nditayamba kuganiza kuti ndapulumuka pamene chikhatho chinandimenya pamsana.

"Zakariya! Zakariya wa mapoto!"

Anali Dona Marita, mutu uli mbuu ndi imvi, koma mawu omwe aja oitanira ogula kutsidya kwa msewu. Ankalankhula Chisena, chimene kwa munthu wa ku Moatize sichifuna womasulira.

"Awa ndi akazi ako? Mai, muli ndi mwamuna. Miyezi inayi adakhala pano, palibe wina adakwecha mapoto anga ngati iye. Tsiku lomwe ankapita ndidalira."

Anatiwonjezera nyama, anakana kulandira kanthu, anatiperekeza mpaka pakhomo la mashimbombo akundiyamikirabe. Mpunga uja ndinaudya osamva kukoma kwake. Titakhala pampando ndinakonza pakhosi.

"Ndidaimapo masiku angapo popita kuja," ndinatero. "Mayi aja akalamba, akusokoneza masiku ndi miyezi."

Nambewe anali akuchotsa nyama m'mano ndi kachitsotso. "Mpunga wawo ngokoma," anatero.

Kuchoka pa Inchope kulowera kum'mwera msewu unali maenje okhaokha, phula likungooneka apo ndi apo. Mashimbombo ankayenda mokhotakhota, katundu wa pamwamba akutigwera pamutu, mwana wina kumbuyo akusanza. Titayandikira Muxúnguè pansi pathu panamveka kuti pho, galimoto n'kupendekera mbali imodzi. Motorisita ndi kobradoro analowa pansi, anatuluka ali bii, n'kunena kuti mola yathyoka, chitsulo chija chimanyamula thupi la galimoto. Tinakwawa pang'onopang'ono mpaka pa Muxúnguè n'kugona m'mipando momwemo. Anatiuza kuti chitsulo china chifika m'mawa kuchokera ku Beira.

Pamsewu mawu oti m'mawa alibe ola. Kunacha, dzuwa linakwera, mthunzi unafupika, chitsulo osaoneka. Aliyense akafunsa, kobradoro ankayang'ana foni n'kunena kuti chili pafupi. Anthu anayala makapulana pansi pa mtengo wa kaju. Amayi ogulitsa zinanazi anatizungulira, ndipo tinadya zinanazi mpaka malilime anayamba kuyabwa. Dona Ameliya ankatsegula bokosi lake, kununkhiza, kutseka, n'kutukwana msewu m'zilankhulo zitatu. Bambo wina wa suti amene ankathamangira ukwati wa mchemwali wake anavula jekete, kenaka tayi, kenaka nsapato, n'kugona chagada.

Nthawi ya mankhwala itakwana ndinagoneka mutu wa Nambewe pamwendo panga n'kumudonthezera. Nditawaona pafupi maso aja, akuphethira kufunafuna nkhope yanga, mtima unandipweteka. Ndinaganiza zoulula pomwepo.

"Nambewe, pali nkhani ina."

"Ya ku Inhambane?"

"Eya, yomweyo."

"Ndiye dikirani, anthuwa atopa n'kukhala." Anadzuka n'kukweza mawu. "Senderani kuno, amuna anga akusimbireni za kumene tikupita."

Munthu wolungama akanakana. Ine nditaona anthu pafupifupi makumi awiri akukoka makapulana awo kusendera, khosi linadzikonza lokha. Ndinawauza kuti tauni imeneyo ndi imodzi mwa matauni akale kwambiri m'mphepete mwa nyanja yathu. Apwitikizi asanabwere, amalonda achisilamu ankafikako kale ndi mabwato a thanga potsata mphepo ya nyengo, atanyamula nsalu ndi mikanda, pobwerera n'kutenga minyanga ya njovu. Apwitikizi oyamba atafika analandiridwa bwino mpaka anatcha malowo dziko la anthu abwino, ndipo obwera pambuyo pawo anathokoza poyamba kukweza anthu abwinowo m'zombo ngati akapolo. Ndinawauza za tchalitchi chakale choyang'ana kunyanja ndi nsanja yake ya wotchi, za mzikiti wakale, za siteshoni yopanda sitima, za msika wa madengu ndi zokometsera ndiwo. Ndinapumira pamene ndimapumira nthawi zonse, ndinatsitsa mawu pamene ndimatsitsa. Nsomba ija yokha ndinaisiya, poopa Dona Ameliya.

Nditamaliza, bambo wa suti uja anawomba m'manja ali chigonere. Dona Ameliya anapukusa mutu.

"Senyoro, ine wobadwira konko zonsezi sindizidziwa. Tchalitchicho ndimangochidutsa popita kumsika."

Ndinatupa. Ndinayamba kuganiza kuti mwina ndipulumuka ndithu, kuti munthu woloweza bwino pepala amaposa mwini mudzi. Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Chitsulo chinafika masana pa kamiyau ya simenti, ndipo tinanyamuka cha m'ma thuu. Pa mlatho wa Save tonse tinatsika kuonetsa zitupa. Kutsidya kwake msewu unayamba kusalala, kenaka mitengo ya koko inayamba kuoneka, umodzi umodzi, mpaka inadzaza dziko lonse. Massinga tinamudutsa kukuda, ndipo ku Maxixe tinafika nyale zitayatsidwa. Dona Ameliya anakana kuti tikafune malo ogona olipira.

"Dziko la anthu abwino, si mwanena nokha?" anatero, n'kunditwika bokosi la nyama. Kunyumba kwake amayi awiri aja analowa kukhitchini kukacheza, ine ndinadya n'kugona tulo teniteni.

M'mawa Dona Ameliya anatiperekeza kugombe kumene amakwerera mabwato opita ku Inhambane. Ndinali kukaona nyanja koyamba m'moyo wanga, ndipo ndinayenera kuiona ngati munthu wokumana ndi mnzake wakale. Ndinakonzeratu nkhope yake.

Titatulukira pagombe ndinaima. Nyanja panalibe. Panali matope ndi mchenga wonyowa kutalika kwa minda ingapo, mabwato atagona cham'mbali pouma, amayi atawerama akutola tinkhono. Madzi ankaoneka kutali, kamzere chabe, ndipo kutsidya kwake nyumba zoyera za Inhambane.

Ine ndine munthu wa mitsinje. Revubué ndimamudziwa, Zambezi ndimamudziwa. Kwathu mtsinje ukaphwa ndiye kuti ndi chilimwe, ukadzaza ndiye kuti mvula yagwa kumtunda, ndipo palibe china chimene chimasuntha madzi. Pepala lija linanena za zaka mazanamazana, koma za madzi silinanene kanthu. Wanzeru akanafunsa, koma munthu amene anakhalako miyezi inayi afunsa bwanji? Safunsa anadya phula.

"Kodi tafika?" anafunsa Nambewe. "Madzi sindikuwamva."

"Tabwera nyengo yolakwika," ndinatero ndi mawu a munthu wodziwa, ndikupukusa mutu mwachisoni. "Yaphwa. Nthawi yanga madzi ankafika pamene tapondapa. Kunonso mvula yavuta chaka chino. Imadzaza mwezi wa Janeiro."

Dona Ameliya anatulutsa kamawu ngati akufuna kuseka, kenaka anakhosomola n'kuyang'ana kumbali. Ndinaona dzanja la Nambewe lili pamkono pake, koma ndinayesa akungodzichirikiza.

Panali bwato la injini lokwerera pa mlatho wautali wolowa m'madzi, koma Nambewe anati akufuna la thanga, la m'nkhani zija. Dona Ameliya anatipereka kwa mkulu wina wa bwato, anatitsanzika n'kuthamangira kumsika nyama isanamuonongekere. Tinayenda pamchenga mpaka pamene madzi anayambira. Bwato linali chapatali pang'ono, ndipo mwambo wa pamenepo ndi woti eni bwato amabereka okwera kumsana n'kukawatula m'katimo. Nambewe anakwera pamsana pa mkulu uja akuseka ngati mtsikana, kuseka kumene ndinali ndisanakumve chichokere ku Mithete. Ine ndinakana. Munthu wosambira ndi nsomba ngati shapa saberekedwa. Ndinapinda buluku, ndinanyamula nsapato m'manja n'kulowa. Madzi atafika m'ntchafu phazi linatitimira m'matope, ndinakhala pansi kuti khu, nsapato imodzi n'kunyamuka ulendo wake. Mkulu uja, wowonda kuposa ine, anabwerera n'kunditembenuzira msana. Ndinakwera, okwera anzathu akuwomba m'manja.

Mphepo inali yochepa, choncho tinawoloka pang'onopang'ono. Ndinagwira thabwa ndi manja onse awiri. Nditaona kuti palibe akundiyang'ana ndinanyambita madzi a pamkono kuti ndidziwe ngati alidi ndi mchere. Anali nawo.

Inhambane ndi tauni yachete, ya misewu yotakasuka ndi mitengo yakale. Ndinayamba ndi kumsika kukagula patapata, kenaka ndinatsogolera mkazi wanga potsata mapu a m'mutu mwanga, iye atandigwira pachigongono. Tinasochera kawiri, ndipo kawiri konse ndinamusiya pamthunzi kuti ndikagule madzi akumwa, n'kukafunsa njira monong'ona. Tchalitchi chakale tinachipeza. Chinali chaching'ono poyerekeza ndi chimene ndinamanga ku Cateme, ndipo tinachipeza chotseka. Nambewe anaima patsogolo pake n'kumayendetsa mutu pang'onopang'ono kuchokera pansi mpaka pamwamba, kulowetsa nsanja ija m'bango lake chidutswa ndi chidutswa.

"Wotchi yolira mpaka kutsidya ija ndi imeneyi?"

"Yatopa," ndinatero.

Tinadutsa pa mzikiti, amuna akuvula nsapato pakhomo. Pa siteshoni tinapeza mutu wa sitima yakale utangoima padzuwa, ndipo Nambewe anati imeneyi ndiye sitima yoti munthu n'kukhala nayo pafupi, yopanda fumbi. Pamalo amene amati ankatulutsirapo anthu opita kuukapolo anaika chikhatho pakhoma.

"Nawonso sadawafunse, ngati ife ku Mithete," anatero.

Dzuwa litapitirira paliwombo tinali titatopa. Ndinagula mapau, tibuledi tija, ndi nsomba zokazinga, n'kumutsogolera kukhoma la m'mphepete mwa gombe kuti tikakhale tidye. Titafika ndinaima ndi chakudya m'manja. Pamchenga pamene tinayenda m'mawa potsika bwato panali madzi okhaokha, akumenya khoma pansi pa mapazi athu. Mabwato amene anagona cham'mbali aja onse anali atadzuka, akuvina. Ndinayang'ana kumwamba, kunalibe mtambo ngakhale umodzi. Ndinafunafuna mtsinje umene wasefukira, sindinauone.

Nambewe anakhala pakhoma, anatchera khutu, n'kumvetsera madzi aja nthawi ndithu.

"Bambo a Sele," anatero mofatsa, "kodi Janeiro wafika?"

Ndinakhala pambali pake. Panalibenso mwini hotela woti ndiphe.

"Nambewe, ine kuno sindidafikeko. Ndidathera pa Inchope paja, kukwecha mapoto. Zonse ndinkakuuzani zija n'za m'pepala lomwe ndidatola." Misozi inatsika, ine bambo wa imvi, pamaso pa anthu odutsa.

Nambewe anatsegula kachikwama kake, anafufuza ndi zala, n'kutulutsa kajumbo. M'kati mwake munali pepala lopinda patatu, zithunzi zitasuluka, mopindamo mutang'ambika. Ndinali nditalisaka zaka zonsezi, ndikuganiza kuti linatayika posamuka.

"Ndidalipeza mutalitsomeka kudenga, tsiku lomwe tinkalongedza ku Mithete. Sele adali kalasi yachisanu, adandiwerengera lonse. Mutayamba kusimba ku Cateme ndidawazindikira mawu ake."

"Ndiye Sele nayenso akudziwa?"

"Mabiyeti adagula ndani?"

"Nanga osandiuza bwanji zaka zonsezi?"

"Ndikadakuuzani mukadasiya. Ku Cateme zaka zija kudalibe china chokoma kumva." Anapinda pepala lija n'kuliika pamwendo panga. "Za madzizi Dona Ameliya adandiuza dzulo kukhitchini. Amachoka n'kubwera kawiri tsiku lililonse, mvula kaya igwe kaya isagwe. Ndidamugwira mkono kuti akusiyeni mudzionere nokha."

Ndinachita manyazi amene sindinachitepo, koma pansi pa manyaziwo ndinamva kupepuka, ngati munthu amene watula mtolo wa nkhuni.

"Tsono tamverani," anatero Nambewe. "Ine ndikuona kachidutswa ngati chikhatho changachi. Ndikapeza bwato, madzi asowa. Ndikapeza madzi, bwato lasowa. Zotsalazo mundiuze inu. Koma za m'pepala ayi, ndazimva zakwana. Mundiuze zimene mukuona."

Ine a Nyambane, amene dzulo lake ndinasimbira anthu makumi awiri osapunthwa, ndinasowa poyambira. Ndinayang'ana nyanja ija, ndipo m'mutu munalibe mawu okonzeratu ngakhale amodzi.

"Pali bwato," ndinayamba. "Thanga lake n'lazigamba. Chigamba china n'cha thumba la mpunga, zilembo zikuoneka."

Anayendetsa mutu mpaka analipeza. "Ndaliona thangalo. Pansi pake pali chiyani?"

"Pali bambo wakhala kumbuyo, wagwira chiwongolero ndi phazi, manja akusenda lalanje. Kutsogolo kuli amayi atatu ndi madengu, wina wafunda thaulo kumutu. Madzi apa pafupi ngobiriwira ngati khwanya, uko pakati ngoderapo. Kwinakwake kumeneko kuli nsapato yanga."

Anaseka mpaka anandigwira paphewa. "Pitirizani."

Ndinapitiriza. Ndinamuuza za mbalame zoyera za miyendo yaitali, za mayi amene ankatsuka dengu pamasitepe, za Maxixe akuoneka kutsidya. Zinali nkhani zosakoma kwenikweni, zopanda minyanga ya njovu, ndipo ndinkapunthwa pafupipafupi. Tinakhala pakhoma paja mpaka madzi anayambanso kuchoka, tonse awiri tikuwaperekeza.

Pobwerera, mashimbombo ataima pa Inchope ndinali woyamba kutsika, ndipo ndinakaonetsa mkazi wanga mtengo umene ndinkakwechera mapoto. Pepala lija tinakulungira nsomba zouma za Selestina. Ku Cateme ndinaulula zonse, koma dzina silinachoke, ndipo omvera anawonjezeka. Tsopano safunanso za tchalitchi, amafuna za tsiku limene ndinati nyanja yaphwa, ndipo mvula ikachedwa pamakhala wina wondifunsa ngati Janeiro ali pafupi.

Maso a Nambewe anatsekeratu dzinja lapitali. Dzuwa likamalowa timakhala pakhonde lomwe lija, ndipo akati ndimuuze za nyanja safuna amalonda a nsalu kapena nsanja ya wotchi. Amafuna bwato lija. Amayamba yekha ndi thanga lazigamba, chifukwa limenelo analiona ndi maso ake, kenaka amakhala chete, ine n'kupitiriza kuyambira pamene iye analekezera.